PAKHONDE LA APHUNZITSI: Buku Limene Lidapulumuka pa Moto

Mwezi uno ndikutengerani m'banja mwanga momwe, pakuti ndikhulupirira kuti zimene zidandionekera ine kuno ku Chiwamba zikuchitikanso m'nyumba zambiri mmene muli ana a sekondale.

Tsiku lina Loweruka madzulo, pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, ndili pakhonde kukonzekera za mapemphero a mawa lake, ndidaona mlongo wanga akudza mwandawala, atafumbata kanthu m'nsalu. Sadadikire n'komwe kuti malonje athe. Adamasula nsalu ija natula pamphasa buku la Chingerezi lokutha m'mbali, looneka kuti lapita m'manja ambiri.

"Achimwene," adatero, "inu ndinu mwini mbumba, ndinunso mkulu wa mpingo. Taonani zimene mdzukulu wanu akuwerenga. Masiku atatu tsopano sakugona. Ndikadzuka pakati pa usiku ndimapeza tochi ikuyaka m'bulangete. Dzana wapsereza nyemba pamoto. Dzulo ndampeza kuseri kwa nkhokwe akulira, buku lili m'manja. Ndafunsa mnyamata wina tanthauzo la mawu ali pachikutowa, ndipo wandiuza kuti liwu ili ndiye kuti mfiti. Ndabwera kuti mulitenthe ndi dzanja lanu, monga adachitira anthu a ku Efeso."

Mtsikana amene ankanenedwayo ali ndi zaka 16, ndipo adali atangomaliza Folomu 3. Ndi mwana womvera, woimba m'kwaya, amene sadativutepo. Sindikubisirani, mtima wanga udavomera msanga mawu a mlongo wanga, ndipo machesi sadali kutali. Koma ndidakumbukira kuti kwa zaka zoposa 30 ndakhala ndikukalipira ana m'kalasi chifukwa choyankha funso asadaliwerenge. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Mlandu wonse udali utatsamira pa liwu limodzi lomasuliridwa ndi mwana wa eni. Tsono ndidapempha kuti andisiyire bukulo sabata imodzi.

Dzina la bukulo ndi Akata Witch. Adalilemba ndi mayi Nnedi Okorafor, amene adabadwira ku America m'chaka cha 1974, koma makolo ake ndi a mtundu wa Igbo a ku Nigeria. Lidatuluka koyamba m'chaka cha 2011, ndipo adalilembera achinyamata. Liwu loyamba lija, akata, ndi dzina lonyoza limene ena kumeneko amaitanira munthu wakuda wobadwira ku America. Mdzukulu wangayo adabwereka bukulo kwa mnzake wa kusukulu, amenenso adalitenga kwa abale ake a mumzinda wa Lilongwe.

Nkhani yake ndi ya mtsikana wa zaka 12 dzina lake Sunny, wachialubino, amene adabadwira ku America koma makolo ake adabwerera naye ku Nigeria. Amakonda mpira, koma satha kusewera masana chifukwa dzuwa limamuwotcha, ndipo anzake kusukulu amamunyodola. Usiku wina magetsi atazima, adayang'ana m'lawi la kandulo naonamo kutha kwa dziko. Pambuyo pake adazindikira kuti iye ndi mmodzi wa anthu obisika a matsenga, otchedwa anthu a kambuku. Pakati pa anthu amenewa chuma sichidza ndi malonda: munthu akaphunzira chinthu chatsopano, ndalama zachitsulo zimagwa kuchokera m'mwamba n'kudzatera pamapazi pake. Ndiponso chimene anthu amachiyesa chilema mwa munthu ndicho chimakhala gwero la mphatso yake. Sunny ndi anzake atatu amatumidwa kukalimbana ndi munthu woipa amene amaba ana, kuwadula ziwalo ndi kuwapha kuti apeze mphamvu.

Ndidaliwerenga usiku unayi, cholembera chofiira chili m'manja. Si buku lachikhristu, ndipo silidzionetsa ngati lachikhristu. Muli mizimu, muli mipeni ya matsenga, mulinso chilombo chotuluka pachulu mwana atachiitana. Ife a kuno, kumene tchalitchi ndi dambwe zimapenyana, timadziwa kulemera kwa nkhani zotere. Ndidalemba mfundo zitatu papepala, ndi mavesi ake a pa Deuteronomo 18, kukonzekera kuti ndikamulangize mwanayo.

Lachisanu ndidamuitana kuti adzandithandize kutonola chimanga, chifukwa ndidaona kale kuti mwana amamasuka kulankhula manja akamagwira ntchito. Titatonola kwa kanthawi ndidafunsa, "Mwanawe, kodi ukukhulupirira zimene zalembedwa m'buku lija?"

Adandiyang'ana modabwa, kenaka adagwira pakamwa kubisa kuseka. "Atsibweni, paja ndinu amene munkatiuza nthano ya Kalulu wokana kukumba chitsime. Kodi mudamvapo kuti mmodzi wa ife adapita kudambo kukafunafuna Kalulu woyankhula?"

Mfundo yanga yoyamba idathera pomwepo. Ndidafunsanso chimene chidamukoka mpaka kupsereza ndiwo za amake. Iye adati nthano zina zotere zimene adaziona zidali za ana a Azungu m'maiko ozizira, koma uyu adali mtsikana wa mu Afirika, kwawo kozima magetsi, kusukulu kwawo kwa chikwapu, atate ake okonda ana aamuna koposa iye. Adakondanso zija za ndalama zogwa munthu akaphunzira. "Kukadakhala kotero kuno," adatero, "palibe mtsikana akadasiyira sukulu panjira."

"Nanga kuseri kwa nkhokwe unkalira chiyani?"

Apa adasiya kutonola. Mwanayu ali ndi mnzake wa pamtima wachialubino, amene adayamba naye sukulu tsiku limodzi. Ineyo ndidawaphunzitsa onse awiri mu Sitandade 6, atakhala desiki imodzi kutsogolo kwenikweni, chifukwa mnzakeyo saona bwino pabolodi. M'chaka cha 2016, ali mu Sitandade 2, pamene mbiri ya kubedwa ndi kuphedwa kwa anthu achialubino idali m'kamwam'kamwa m'dziko muno, makolo ake adamuletsa sukulu teremu yathunthu. Atayambiranso, atate ake ankamperekeza m'mawa ndi kudzamtenga masana. Anyamata ena osaleredwa ankamufuulira panjira kuti ndalama zikudutsa. Mdzukulu wanga adati powerenga za munthu wakuba ana uja, zonsezi zidabwerera m'mutu mwake, ndipo poona kuti m'bukumo mtsikana wachialubino ndiye akuthamangitsa chigawenga m'malo mothamangitsidwa, misozi idangotuluka yokha.

Kenaka adanena mawu amene ndiwo andichititsa kulemba nkhani ino. "Koma atsibweni, pali malo amene wolembayu wandikwiyitsa. Akuti mphatso ya Sunny ikuchokera m'khungu lake, kuti popeza ndi wachialubino amatha kuzimirira ndi kufika kumalo a mizimu. Kodi limeneli si bodza lomwe lija lidachititsa kuti mnzanga azigona m'nyumba ya mipiringidzo iwiri? Ndiponso akuti atangolandira mphamvu, dzuwa lidaleka kumuwotcha, nayamba kusewera mpira masana. Mnzanga dzuwa limamuwotchabe. Bukuli ndalikonda, koma anyamata a m'kalasi mwathu sindingawabwereke, chifukwa ena akangotolapo zoti alubino ali ndi matsenga, zina zonse n'kuzisiya."

Ndidakhala chete, chitsononkho chili m'manja. Ine mphunzitsi, ine mkulu wa mpingo, ndidawerenga buku lonse ndi cholembera chofiira, ndidadula mzere pansi pa mizimu ndi mipeni, koma malo amene akadatha kuvulaza mwana weniweni wa m'mudzi mwathu sindidawaone. Adawaona ndi mwana amene tinkafuna kumulanda bukulo pomuganizira kuti satha kusiyanitsa chabwino ndi choipa.

Sindikuti wolembayo adali ndi mtima woipa. Zikuoneka kuti adafuna kukweza mwana wonyozedwa, ndipo m'buku lake wodula ana ziwalo ndiye mdani woyenera kugonjetsedwa. Koma mbewu imodzimodzi imamera mosiyana kumtunda ndi kudimba. Mawu amene kwina ndi zokometsera nthano, kuno amagwera panthaka imene idamwa kale magazi. Mwana wa kuno adadziwa zimenezi chifukwa adakhala desiki imodzi ndi mwini nkhani.

Tsono tiyeni tibwerere ku Efeso, kumene mlongo wanga adatsamira. Tikawerenga bwino Machitidwe 19, tipeza kuti mabuku amene adatenthedwa kumeneko adali zipangizo za ntchito za anthu ochita matsenga, a mtengo wokwana ndalama zasiliva 50,000. Tipezanso kuti adawatentha ndi eni ake, mwa kufuna kwawo, atalapa. Palibe amene adachita kuwalanda. Buku lophunzitsa munthu kuombeza kapena kukhwima ndi chinthu china, nthano yopeka ndi chinanso. Loyambalo limauza woliwerenga kuti achite zakutizakuti ndipo zidzachitikadi. Nthano imauza womvera kuti ayerekeze kuti zidatero, kenaka adziyang'ane yekha.

Malembo Oyera omwe sakana nthano. Pa Oweruza 9, Yotamu adaima paphiri nasimba za mitengo imene idapita kukafuna mfumu, mpaka ufumu udagwera mtengo waminga. Mitengo siyankhula, koma anthu a ku Sekemu adamva chimene ankanena. Pa 2 Samueli 12, mneneri Natani adalowa kwa Davide ndi nkhani ya munthu wosauka wolandidwa kankhosa kake kamodzi, ndipo nkhani yopekayo idatsegula mtima umene chidzudzulo cholunjika chikadaumitsa. Nanga ife amene tidakulira pa Ulendo wa Mkhristu, buku limene John Bunyan adatulutsa m'chaka cha 1678 atakhala zaka zambiri m'ndende ku Bedford chifukwa cholalikira? Kodi m'menemo mulibe chimphona chotsekera apaulendo m'linga, ndi chilombo cha mapiko cholimbana ndi munthu m'chigwa? Palibe mbusa adatiletsa bukulo.

Makolo athunso adaidziwa nzeru imeneyi. Agogo akati "Padangokhala," ife tinkayankha kuti "Tili tonse," ndipo kuyambira pamenepo afisi ankakwatira ana a mafumu, mbalame zinkaulula wakupha mbale wake, mitengo inkaimba. Mawu oyambirira aja adali ngati chitseko: mwana aliyense ankadziwa kuti talowa m'nyumba ya nthano, ndi kuti tidzatulukamo. Buku limene mdzukulu wanga adawerenga lili ndi chitseko chotero, ndipo iye adachiona.

Nkhani zimene ndimaziopa ine ndi zija zimasimbidwa popanda "Padangokhala." Zimasimbidwa pamjigo, pachigayo, pamaliro, nthawi zina ngakhale pabwalo la tchalitchi mapemphero atatha: kuti gogo wakuti amaulutsa ana usiku m'lichero, kuti mwana wakuti waphunzitsidwa ufiti, kuti fupa la munthu wachialubino limalemeretsa. Zimenezi sizinenedwa ngati nthano. Zimanenedwa ngati umboni, ndipo ana amazimva kwa ife akulu. Mu Januwale chaka cha 2016, m'boma la Neno, mphenzi itapha mtsikana wina, anthu adapha nkhalamba zinayi pozinamizira kuti ndizo zidatumiza mphenziyo. Sindikhulupirira kuti amene adachita zimenezo adaziphunzira m'buku la nthano. Lamulo la dziko lino la chaka cha 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, ndipo lamulo lachisanu ndi chinayi la Mulungu lidaletsa kale umboni wonama. Komabe milandu yotere siileka kufika m'mabwalo a mafumu ndi m'misonkhano yathu ya akulu a mpingo.

Za abale athu achialubino, choonadi chake n'chapafupi ndipo kholo lililonse liyenera kuchidziwa. Mwana amabadwa wotero pamene atate ndi amayi onse awiri ali ndi kambewu kake m'thupi, ngakhale iwo eni ali akuda. Thupi la mwanayo silipanga mokwanira chinthu chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso, chimene madokotala amachitcha melanin. Chifukwa cha ichi maso ake saona patali, ndipo khungu lake limapsa ndi dzuwa, mpaka ena amadwala khansa ya pakhungu. Mulibe mzimu, mulibe chuma, mulibenso tchimo la makolo, monga Ambuye adayankhira ophunzira ake za munthu wobadwa wosaona pa Yohane 9. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango kwa owachitira nkhanza, ndipo m'chaka cha 2021 a Overstone Kondowe adasankhidwa kukhala phungu m'boma la Nkhotakota, woyamba wachialubino kusankhidwa ndi anthu kulowa m'nyumbayo. Sadafikeko ndi matsenga. Adafikako ndi sukulu ndi mavoti.

Wina asandimve molakwa ayi. Sindikunena kuti buku lililonse n'loyenera mwana aliyense. Alipo mabuku onyansa, okometsa chiwerewere ndi nkhanza, amene sayenera kugona m'nyumba ya Mkhristu. Aliponso mabuku abwino amene mwana wa Sitandade 5 sangawasenze, monga sitipatsa khanda chimanga chokazinga. Buku la Sunny lomweli sindingalipereke kwa mwana wamantha amene amalota zoopsa, kapena kwa amene mutu wake wadzaza kale ndi nkhani za malichero ouluka. Chimene ndikunena n'chakuti mtumwi Paulo, polembera Atesalonika, adatilangiza kuyesa zinthu zonse ndi kusunga chokoma, ndipo munthu sayesa chinthu chimene wachiponya kale pamoto. Mwana amene timangomulanda saphunzira kuyesa, amaphunzira kubisa. Lero abisa buku m'bulangete, mawa adzabisa foni, ndipo m'foni muli zambiri zoopsa koposa chilombo cha pachulu.

Ndikudziwa kuti makolo ambiri anena kuti, "Aphunzitsi, inu mudawerenga chifukwa mumamva Chingerezi, nanga ife?" Yankho langa ndi ili: simusowa Chingerezi kuti mudziwe chimene mwana wanu akuwerenga. Muuzeni akufotokozereni nkhaniyo m'Chichewa, mutu umodzi madzulo alionse, muli pamphasa. Akamafotokoza, mufunseni kuti wabwino ndani ndi woipa ndani m'nkhanimo, ndipo aliyense wakolola chiyani. Mufunseni chimene chamukhudza mtima. Koposa zonse mufunseni malo amene wolemba walakwitsa. Funso lomalizali ndilo limaonetsa ngati mwana akuyenda pamwamba pa buku kapena buku likuyenda pamwamba pa iye. Mwana akakana kukufotokozerani, kapena akamachita manyazi ndi zimene zili m'katimo, pamenepo ndiye pali chifukwa chopitira nalo bukulo kwa aphunzitsi kapena kwa abusa. Potero mudzathandizanso sukulu yake, chifukwa mwana wotha kutembenuza nkhani ya Chingerezi kuinena m'chinenero chake ndiye waimvetsadi.

Pali chinanso chimene chidandilasa. Mwanayu adathamangira buku la ku Nigeria chifukwa ali ndi njala ya nkhani zimene angadzionemo. Kale Sinodi yathu idali patsogolo pa ntchito imeneyi. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalemba Nthondo, buku limene lidapata mphotho pa mpikisano wa olemba a mu Afirika, nilituluka m'chaka cha 1933. Masiku athu ano Shadreck Chikoti adalemba Azotus the Kingdom, nthano ya Afirika wa zaka mazana zam'tsogolo, imene idatuluka m'chaka cha 2015. Koma mabuku a achinyamata m'Chichewa ndi ochepa, ndipo m'nyumba zambiri za kuno, kupatula Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo, mulibe china chowerenga. Aphunzitsi anzanga, amayi a Chigwirizano, atsogoleri a achinyamata, nthano za agogo zikupita nawo kumanda. Tikapanda kuzilemba, tisadabwe ana athu akamakamwa pachitsime cha eni.

Mwina mukufuna kudziwa mmene mlandu udathera. Lamulungu madzulo ndidaitana mlongo wanga ndi mwana wake. Ndidati, "Alongo, bukuli si la ufiti, koma si lopandanso chilema. Chilema chake wachipeza ndi mwana wanuyu, osati ine. Mverani akuuzeni yekha." Mtsikanayo adayamba kufotokoza, amake atakhala chammbali, nkhope ili gwaa. Pofika pa munthu wakuba ana uja ndidaona kuti asendera pafupi. Mdima utagwa ndidati tilekeze, koma mlongo wanga adati, "Dikirani achimwene, nanga anawo adapulumuka?" Za ndiwo zopserera zija sadakhululuke msanga, ndipo padakhazikitsidwa lamulo lakuti buku ndi mphika zisamakhale m'manja nthawi imodzi, ndi kuti tochi izizima nthawi ya kugona ikakwana.

Padatsala funso limodzi limene linkamuvuta mwanayo: kodi amubwereke mnzake uja? Ndidamulangiza kuti ayambe wamuuza zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, ndipo mwini wake asankhe. Mnzakeyo adasankha kuliwerenga, atayandikiza tsamba kumaso monga amachitira, ndipo adalitsiriza. Atabweza adati nkhaniyo yamukomera, makamaka pamene Sunny adamwetsa chigoli, koma iye safuna kuti anthu azimuyesa wamatsenga, ngakhale matsenga abwino. Chimene afuna ndi magalasi a maso, mafuta oteteza khungu, chipewa chachikulu, ndi kuti azipita kuchigayo yekha wopanda womperekeza. Mawu amenewo ndidakawatula ku msonkhano wa akulu a mpingo wathu, ndipo tidagwirizana zoyamba ndi magalasiwo.

Sukulu zitatsegulidwa bukulo lidabwerera kwa mwini wake lili lamphumphu. Mdzukulu wanga ndidampatsa Ulendo wa Mkhristu wanga wakale, wothothoka chikuto, ndipo pepala lija la mfundo zitatu ndidaliika m'katimo ngati chosungira tsamba. Wandiuza kale kuti ali ndi mafunso awiri okhudza chimphona chija, ndipo ndamulonjeza kuti tidzakambirana tikamasankha mtedza.

Ambuye akudalitseni pamodzi ndi ana anu, ndipo atipatse ife makolo mtima wofulumira kumva ndi wochedwa kuyatsa moto. Tidzakumanenso pakhonde pano mwezi wamawa, Mulungu akalola.